Mwana akuweruka masana ine ndikadali ku ntchito: ndimusiyire ndani?

FUNSO

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ya boma kumene timalowa 7:30 m'mawa ndi kuweruka 3:30 madzulo, moti ndimafika pakhomo cha m'ma 4 koloko. Mwana wanga wamng'ono, wamkazi wa zaka 4, amapita ku eskolinya, sukulu ya mkaka, imene imatseka 12 koloko masana. Mkulu wake ali ndi zaka 9 ndipo amalowa sukulu masana. Bambo awo amachita geni ya mbatata ya kachewere, choncho masiku ambiri amakhala pa ulendo wa ku Tete. Mpaka mwezi watha amene ankamutenga mwanayu ndi mng'ono wanga, koma tsopano wakwatiwa ndipo wasamukira ku Tsangano.

Ndikufuna munthu wa maola anayi okha, chifukwa wantchito wa tsiku lonse sindingakwanitse kumulipira. Apongozi anga a ku Dómuè akuti atitumizire mtsikana wa zaka 13, mdzukulu wa achemwali awo, kuti azikhala nafe, ndipo akuti malipiro safunika, tizingomudyetsa ndi kumuveka. Mtima wanga sukuvomera, koma sindikudziwa kwina koyang'ana, komanso ndikuopa kuwakhumudwitsa. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Ulónguè

YANKHO

Mayi,

Ndiyambe ndi mawu amene mwawalemba ngati opepuka, akuti "maola anayi okha". Maola anayi pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi maola 20, ndipo agwera nthawi imene mwana wa zaka 4 amakhala wanjala, wotopa ndi wosachedwa kulira, moto uli pa mbaula, anthu akuluakulu a makomo oyandikana nanu ali kumunda kapena kumsika. Mwana wa msinkhu umenewu amathamanga, amakwera, amatsegula chilichonse, koma sadziwa kuti chitsime n'chakuya kapena kuti galimoto singaime pomwepo. Ntchito imeneyi ikufuna munthu wamkulu, amene mwapangana naye momveka ndipo mukumulipira, ngakhale malipirowo akhale ochepa molingana ndi maola ake.

Pa chifukwa chimenechi mtima wanu walondola pa nkhani ya mtsikana wa ku Dómuè. Iyeyo ndi mwana, ndipo naye akufunika womuyang'anira. Lamulo la Ntchito la dziko lino, nambala 13/2023, linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolembedwera ntchito, ndipo limalola wa zaka 15 pokhapokha makolo kapena womuyang'anira atavomereza. Lamulo la maphunziro, nambala 18/2018, limanena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Mtsikana wa zaka 13 malo ake ndi m'kalasi. Ndikudziwa kuti banja lililonse limene limatenga mwana wa kumudzi limalonjeza kuti adzapitiriza sukulu, ndipo ambiri amalonjeza ndi mtima woona. Koma taganizirani mmene tsiku lake lingayendere: ngati alowa sukulu masana, sangakhale ndi mwana wanu, ngati alowa m'mawa, aziweruka nthawi imodzimodzi imene eskolinya ikutseka, n'kuthamangira kukatenga mwana, kuphika, kudyetsa ndi kugoneka, ndipo makope ake aziwatsegula usiku atatopa. Pakapita miyezi itatu kuchapa ndi kutunga madzi kumakhala kwagweranso pa iye, popanda amene anakonza kuti zitero, chifukwa munthu wosalipidwa alibe malire a ntchito yake ndipo alibe pokanira. Mwana wanu akadzapsa ndi madzi a moto ali m'manja mwa mtsikanayo, mlanduwo udzamulemera moyo wake wonse, komanso udzagawa banja lanu ndi la kuchimuna.

Kukana apongozi kumafuna ulemu, ndipo ndi bwino kuti mawuwo awanyamule ndi mwana wawo, bambo a kunyumba kwanu, inu muli pambali pawo. Muyambe ndi kuthokoza, pakuti iwo aona vuto lanu ndipo apereka chimene ali nacho. Mumvetsere bwino, chifukwa kawirikawiri pempho lotere limabisa lina: mwina kumudziko zikuvuta kumudyetsa mtsikanayo ndi kumugulira zofunika ku sukulu. Ngati ndi choncho, makope, yunifolomu ndi thumba la chimanga pa nyengo ya njala zidzamuthandiza ali kwawo kuposa kubwera kudzalera kwanu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu apongozi amaudziwa kuposa inu ndi ine. Mukawauza kuti mukufuna mtsikanayo amalize sukulu monga mufunira ana anu, sadzakuonani ngati wonyada.

Tsopano koyang'ana. Ine ndingayambe pa eskolinya pomwepo, chifukwa mbali yoopsa kwambiri ya maola anayiwa ndi ulendo wochoka pa geti kukafika kumene mwana akasungidwe, ndipo ulendowo ukafupika kapena kutheratu, nkhawa yaikulu yachoka. Funsani mkulu wa eskolinyayo ngati pali ana amene amatsala mpaka madzulo, ndipo ngati palibe, ngati angavomere kuyamba makolo angapo atapempha pamodzi. Simuli nokha: aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma amene ana awo amaweruka 12 koloko ali ndi vuto lanu lomweli. Funsaninso za atitiya, aphunzitsi a pa eskolinya, ndi amayi ophika phala amene ntchito yawo imatha masana. Ambiri mwa iwo amalandira zochepa ndipo angakondwe kupeza ndalama yapadera, mwana amawadziwa kale, ndipo inu mwakhala mukuona kwa miyezi mmene amalankhulira ndi ana. Pangano lotere muchite mkulu wa eskolinya akudziwa, kuti lisadzaoneke ngati lakuseri. Muyerekezenso mtengo wa malo osungira ana a tsiku lonse, ngati alipo pafupi, ndi ndalama imene mungalipire mukaphatikiza eskolinya ya m'mawa ndi mlezi wa masana. Nthawi zina kusiyana kwake kumachepa kuposa mmene munthu amaganizira. Malo oterewa amayenera kudziwika ku boma, ndipo ofesi ya boma la Angónia yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu (Saúde, Mulher e Acção Social) ndi kumene mungafunse ngati analembetsedwa.

Kachiwiri, imani pa geti tsiku limodzi nthawi yoweruka, ngakhale mutapempha ola limodzi ku ntchito, ndipo muone amene akubwera kudzatenga ana. Pakati pawo mudzapeza mayi amene amakhala pakhomo masana, mwana wake ali m'kalasi limodzi ndi wanu, ndipo amadutsa njira ya kwanu. Kwa mayi wotere, kutenga ana awiri m'malo mwa mmodzi sikusintha tsiku lake kwambiri, ndipo mwana wanu apeza mnzake wosewera naye, chimene mlezi wobwera kunyumba sangapereke. Amayi ena amasinthana masiku monga timachitira xitique posonkherana ndalama, lero ana onse kwa uyu, mawa kwa uja. Kwa inu amene mumagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu kusinthana kotere sikungatheke, kupatula mutatenga Loweruka kuti anzanuwo apite kumsika, ndipo ngakhale zitatero muwonjezerepo ndalama, chifukwa tsiku limodzi silingabweze masiku asanu. Chimene musalole ndi chakuti munthu mmodzi asunge gulu la ana. Atatu kapena anayi a msinkhu umenewu ndi okwana, ndipo ngati ali ndi wakhanda kumsana, achepe kuposa pamenepo.

Kachitatu ndi mpingo ndi anansi. Bungwe la amayi la mumpingo mwanu kapena mphakati amadziwa mayi wamasiye wodalirika, kapena mayi amene ana ake anakula ndipo manja ake ali omasuka masana. Kulengeza m'gulu la WhatsApp kumabweretsa mayina ambiri msanga, koma dzina lochokera kwa munthu amene mudzakumana naye Lamulungu lililonse limalemera kuposa la pa foni, pakuti iye akudziwa kuti mudzamufunsa zikavuta. Za agogo ndinene mosamala: chikondi ndi kuleza mtima ali nazo zochuluka, koma muone ngati angathe kudzuka msanga pa mphasa ndi kumupeza mwana amene wathamangira ku msewu, ndiponso ngati maso ndi makutu awo akugwirabe bwino.

Mukapeza munthu, musamuweruze ndi macheza a pa khonde lanu madzulo. Pitani kwawo cha m'ma 1 koloko masana, nthawi yeniyeni imene mwana azikhala kumeneko, ndipo muyende pabwalo ndi maso a mwana wa zaka 4. Chitsime chili ndi chivindikiro cholemera? Migolo ndi zidebe za madzi n'zotseka? Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ali m'gulu la amene amamira kwambiri, ndipo mwana amatha kumira mwakachetechete m'madzi ochepa. Mbaula imakhala pati? Kuno ku Angónia, kumene pafupifupi khomo lililonse limalima, yang'ananinso kumene amasunga mankhwala opopera mbatata ndi fodya, othira m'chimanga ndi a makoswe, komanso palafini kapena petulo wothiridwa m'botolo la zakumwa, limene mwana waludzu amalinyamula osakayika. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi funsani ngati amalowetsa mbaula m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Ngati nyumbayo ili pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Calómuè, kumene kumadutsa malole, mpanda ndi chitseko chake zikhale zolimba.

Funso limene amayi ambiri amachita nalo manyazi ndi lofunika kuposa onse: ndani winanso amakhala pakhomopo masana? Amuna ake, anyamata achikulire, anthu a lendi, alendo obwera kudzagula mowa kapena zina? Ana ambiri amene amachitiridwa nkhanza amachitiridwa ndi anthu owadziwa, osati achilendo a mumsewu. Funsani mwaulemu koma mosabisa, ndipo munene kuti mwana asasiyidwe ndi munthu wina aliyense inu musanavomere, ngakhale kwa mphindi zochepa zopita ku chigayo. Mayi woona mtima sakwiya ndi funso limeneli. Ngati simukumudziwa bwino, onani chiphaso chake cha BI, lankhulani ndi mabanja awiri amene anawalererapo ana, ndipo mudziwitse mfumu ya nyumba khumi kapena sekeretale wa bairro kuti pali pangano lotere. Pocheza naye musafunse ngati amakonda ana, chifukwa aliyense amati inde. Mufunseni kuti angatani mwana atakana kudya, atadzikodzera, atamenya mnzake, kapena atatentha thupi 2 koloko inu foni yanu isakupezeka. Pa funso lomalizali yankho labwino ndi lakuti athamange naye ku chipatala akayezedwe malungo, osati kumupatsa mapiritsi otsala kapena kudikira kuti mufike.

Ngati mwana azitengedwa pa geti, perekani kwa mkulu wa eskolinya mayina olembedwa a anthu awiri kapena atatu okha ololedwa kumutenga, ndipo muwaonetse nkhope zawo kwa atitiya. Mwana wa zaka 4 asakwezedwe yekha pa njinga yamoto ya hayala, ngakhale woyendetsayo akhale wodziwika. Nthawi imeneyo tulo timakhala tikumugwira, ndipo manja ake sangagwire zolimba.

Za malipiro, funsani makomo atatu a m'dera lanu amene ali ndi wantchito wa tsiku lonse kuti amalipira zingati, kenako muwerengere maola anu, koma muwonjezere pamwamba. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene wakupatsani masana ake onse sangapite ku ganyu wakutali kapena kukakhala pa msika tsiku lonse, choncho wataya zambiri kuposa maola anayi. Kulera ana pa malipiro ndi ntchito yodziwika ndi lamulo: malamulo a ntchito za pakhomo a m'chaka cha 2008, nambala 40/2008, anatchula kuyang'anira ana pakati pa ntchito zimenezi. Lembani pangano lanu m'kope, aliyense akhale ndi pepala lake: ola loyambira ndi lomalizira, tsiku la malipiro, zochita mukachedwa ku ntchito, ndi za miyezi ya tchuthi pamene eskolinya yatseka ndipo mwana akufuna womusunga tsiku lonse. Kutumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kumasiya umboni umene umateteza nonse awiri. Chakudya cha mwana chikhale chapadera, muzipereka ufa, ndiwo, sopo ndi makala pa sabata, kuti mleziyo asamadyetse mwana wanu kuchokera m'mphika wa ana ake. Ngati azibwera kwanu, musamuunjikire zochapa ndi zokolopa, chifukwa maso amene ali pa beseni la zovala sali pa mwana. Munenenso poyera tsiku loyamba kuti mwana wanu samenyedwa ndipo saopsezedwa ndi zilombo kapena jakisoni, ndipo mumuuze mmene inu mumamulangizira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa mapangano ambiri abwino kwathu kuno, ndicho maliro. Mlezi wanu adzaferedwa, adzadwala, kapena adzaitanidwa kumudzi nthawi yokolola, ndipo uthenga udzakupezani m'mawa muli pa ulendo wa ku ntchito. Pezani lero lomwe munthu wachiwiri amene mwana akumudziwa, woti angagwirizire masiku awiri kapena atatu pa malipiro a tsiku. Mukapanda kutero, tsiku limenelo mudzayesedwa kujombetsa mkulu wake wa zaka 9 kuti alere, ndipo zimene tikukanira mtsikana wa ku Dómuè zidzakhala zitalowa m'nyumba mwanu. Masiku amene bambo ali pakhomo, alembedwenso pa ndandanda wa otenga mwana.

Musayembekezere kuti mlezi akhale mphunzitsi wachiwiri. Mwana amene wakhala m'mawa wonse akuimba ndi kuwerenga m'Chipwitikizi akufuna kusamba m'manja, kudya, kugona pang'ono ndi kusewera panja pamthunzi. Malangizo a WHO a m'chaka cha 2019 amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku kuphatikiza tulo ta masana, ndipo asapitirire ola limodzi akuyang'ana foni kapena TV. Choncho mufunse ngati pakhomopo TV imakhala yoyaka masana onse. Mayi amene amadziwa nthano, zilape ndi nyimbo za m'Chichewa, amene amalola mwana kusankha nawo nyemba ndi kuumba ng'ombe za dothi, akumukonzekeretsa kalasi 1, imene adzayambe ali ndi zaka 6, mwa njira imene foni singathe.

Masabata awiri oyamba akhale oyesera, ndipo nonse mudziwe zimenezo. Loweruka lisanafike tsiku loyamba, pitani ndi mwana kukacheza kwa mleziyo, adye kumeneko inu mulipo. M'sabata yoyamba tulukirani kamodzi mosayembekezeka, kapena mutume mnzanu. Kulira pa masiku oyamba n'kwachibadwa ndipo kumatha. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene pakapita masabata akuyamba kukodza pogona atasiya kale, kuopa munthu wina wake, kukana kuvulidwa zovala, kukhala chete mosazolowereka, kapena kubwera ndi mabala amene nkhani yake ikusinthasintha. Muzimusambitsa nokha madzulo ndi kucheza naye mosamupanikiza, mumuphunzitse kuti ziwalo zobisika palibe wololedwa kuzigwira ndiponso kuti kwa amayi kulibe chinsinsi. Mukaona chokayikitsa, muchotseni kaye mwanayo ndipo mafunso abwere pambuyo. Nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, ndi yaulere, ndipo ku polisi kuli ofesi yapadera yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza.

FUNSO

Azakhali,

Ndimagwira ntchito ya mashifiti pa mgodi wa malasha ku Moatize ndipo akazi anga amaphunzira masana mumzinda wa Tete. Tinapeza mayi woyandikana nafe amene amasunga mwana wathu wa zaka 3 akaweruka, koma sabata imene ndili pa tchuthi mwanayo amakhala ndi ine. Mayiwo akufuna malipiro a mwezi wathunthu. Kodi si chilungamo kulipira masiku okhawo amene mwana wapita?

Bambo wa ku Moatize

YANKHO

Bambo,

Ndikuyamikani kuti masiku opuma mumakhala ndi mwana wanu, koma pa nkhani ya ndalama mayiwo akunena zoona. Chimene mukulipira ndi malo amene akusungirani: sabata imene mwana sabwera, iwo sangatenge mwana wina wa sabata imodzi yokha, ndipo mashifiti anu akasintha mwadzidzidzi mumayembekezera kuwapeza pakhomo. Ngati mwezi wathunthu ukukulemerani, panganani ndalama yokhazikika imene ilipidwe mwezi uliwonse mwana abwere kapena asabwere, ndi ina yowonjezera pa tsiku lililonse limene wabwera, ndipo muziwapatsa ndandanda wa mashifiti anu mwezi usanayambe. Kulipira kwa tsiku ndi tsiku kumawapatsa ufulu wokuuzani m'mawa wina kuti lero apita kwina, ndipo simungawadandaule.

Popeza muli ku Moatize, onjezerani m'pangano lanu nkhani ya kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chigwa cha Zambezi, ndipo ola limene mwana akuweruka ndi limene dzuwa lili paliwombo. Azinyamula botolo la madzi owiritsa kapena othira mankhwala a Certeza, ayende atavala chipewa, asagonekedwe m'chipinda cha malata chotseka mazenera, ndipo masewera a panja ayambe dzuwa litapendeka. Muwauzenso mayiwo kuti mwana akafooka, akasiya kukodza kapena thupi likatentha kwambiri, amupatse madzi, amupukute ndi nsalu yonyowa ndi kupita naye ku chipatala, ndipo foni akuimbireni ali m'njira.